Boochani Akudzilankhulira Yekha

Behrouz Boochani, mtolankhani wa mtundu wa Akurdi, anathawa ku Iran mu 2013 n'kukwera bwato ku Indonesia kulowera ku Australia. Anafika boma la Kevin Rudd litangolengeza, pa 19 Julayi, kuti wobwera pabwato aliyense sadzaloledwa kukhazikika m'dzikomo. Anamutumiza pachilumba cha Manus ku Papua New Guinea, ndipo anakatuluka m'dzikolo mu Novembala 2019 kupita ku New Zealand.

Ambiri amamudziwa chifukwa cha No Friend but the Mountains, buku lomwe linapata mphoto ya Victorian Prize for Literature mu 2019 mwini wake ali chitsekeredwe. Buku lake lina, Freedom, Only Freedom, linasindikizidwa ndi Bloomsbury, ndipo linasonkhanitsa nkhani zomwe ankalembera nyuzipepala monga The Guardian ndi The Saturday Paper. Ankalemba m'Chiperisi pafoni, n'kumatumiza pa WhatsApp kwa omasulira ake, Moones Mansoubi ndi Omid Tofighian, omwe alikonzanso bukuli.

Chondigwira mtima n'chakuti Boochani sapempha chisoni. Akulimbirana ndi boma la Australia ufulu wotchula zinthu maina. Boma linkati Manus ndi malo owunikirako mapepala a othawa kwawo. Iye akuti ndi ndende, ndipo sasintha. Khoti lalikulu la Papua New Guinea linagamula mu Epulo 2016 kuti kusunga anthu kumeneko n'kosemphana ndi malamulo. Alonda ankaitana anthu ndi manambala, iye akuwabwezera maina awo: Reza Barati, amene anamenyedwa mpaka kufa mu Febuluwale 2014, ndi Hamid Khazaei, amene anamwalira chaka chomwecho ndi bala la pamwendo chifukwa anachedwa naye kuchipatala choyenera.

Pomwe buku lafika pachimake ndi pa nkhani za Novembala 2017. Boma litatseka malowo linadula madzi, magetsi ndi chakudya, koma amuna mazanamazana anakana kusamuka kwa masiku 23. Ankakumba zitsime pamchenga, kutchera madzi a mvula m'mabini, n'kumagawana tochepa tomwe tinalipo. Apa Boochani akulemba zinthu zikuchitika, osadziwa kuti mawa kugwa zotani, ndipo wowerenga mtima umakhala m'mwamba.

Dandaulo langa lili pa nkhani za akatswiri ndi anzake ena zomwe aziika pakatipakati. Zina n'zothandiza, makamaka zofotokoza mmene ntchito yomasulira inkayendera pakati pa munthu wotsekeredwa ndi anzake okhala ku Sydney. Koma zina zalembedwa m'Chingerezi cha kuyunivesite, cholemera moti munthu wamba atopa nacho. Buku lodandaula kuti othawa kwawo amalankhuliridwa ndi ena lisamachulukenso omulankhulira mwini nkhani. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma pano mutuwo ndi Boochani, ndipo nkhonya zake amaziponya bwino yekha.

Owerenga a kuno sangalephere kuganiza za msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, komwe kuli anthu oposa 50,000 olankhula Chiswahili, Chikirundi, Chinyarwanda ndi Chifalansa, koma nkhani zawo timazimva kwambiri kudzera mwa akuluakulu a boma ndi mabungwe. Kumeneko kuli alakatuli ndi olemba. Chosowa ndi omasulira oleza mtima ngati Mansoubi ndi Tofighian.

Bukuli n'loyenera kuliwerenga. Yambani ndi nkhani za Boochani mwini, za akatswirizo mudzaziona pambuyo.