Akalozera a Phokoso ku Heathrow

Kum'mawa kwa bwalo la ndege la Heathrow ku London kuli kamsewu kotchedwa Myrtle Avenue, komwe nyumba zake zili pafupi ndi mpanda wa bwalo. Mphepo ikamachokera kumadzulo, ndege zotera zimabwera mondondozana ngati ng'ombe zolowa m'khola, pafupifupi mphindi imodzi ndi theka iliyonse, matayala ali lendelende pamwamba pa madenga. Anthu ocheza pakhomo amadula nkhani pakati, n'kudikira, kenako n'kuyambira pomwe anasiyira. Ndege ikadutsa palibe chotsala. Utsi umadetsa khoma, madzi oipa amapha nsomba mumtsinje, ndipo wodandaula amakhala ndi choloza. Phokoso silisiya phazi.

Koma alipo anthu amene ntchito yawo ndi kulipezera phazi phokosolo. Boma likafuna kukulitsa bwalo la ndege, lamulo limati liyambe launika mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu oyandikana nalo. Lipoti lake limakhala la mabuku ambiri: za mpweya, mitsinje, mbalame, manda ndi nyumba zakale. Ine mutu umene umandigwira mtima ndi wa oyeza phokoso, chifukwa iwo amatenga tulo ta munthu tomwe tadukizidwa usiku n'kutisandutsa umboni woti woweruza augwire m'manja.

Luso limeneli linayambira pakhomo pa anthu. Mu 1961, ndege za jeti zitangoyamba kuchuluka, ofufuza anayenda khomo ndi khomo m'madera ozungulira Heathrow n'kucheza ndi anthu oposa chikwi. Kafunsidwe kawo n'komwe kamandisangalatsa. Sankayamba ndi ndege ayi. Ankayamba ndi kufunsa zomwe munthu amakonda ndi zomwe zimamunyansa m'dera lakelo, kuti ngati ndege zimamuvutadi azitchule yekha, asachite kuikidwa mawu m'kamwa. Pambuyo pake m'pomwe ankafika pa zenizeni: kodi zimakudzidzimutsani, zimakudzutsani, zimagwedeza nyumba, zimakulepheretsani kumva wailesi kapena kumvana ndi mnzanu? Mayankhowo atawaika pambali pa zomwe makina anayeza, komiti ya Sir Alan Wilson mu lipoti lake la 1963 inaona kuti chomwe chimasautsa munthu ndi zinthu ziwiri zophatikizana: kukula kwa phokoso la ndege imodzi, ndi kuchuluka kwa ndegezo. Aliyense amene anagonapo pafupi ndi chigayo amazidziwa zimenezi. Koma kudziwa n'kwina, kupeza muyeso woti anthu okangana agwirizanepo n'kwinanso.

Onani mmene woyeza amagwirira ntchito lero. Maikolofoni amaiimika pamwamba pa mtengo wachitsulo, patali ndi khoma lililonse, chifukwa khoma limabweza mawu n'kunamiza makina. Kumutu kwake amaveka kachipewa ka siponji kotchinga mphepo. Asanayambe kuyeza amalowetsa maikolofoniyo m'kachipangizo kolira mawu amodzi odziwika kale, nthawi zambiri madesibelo 94 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa mawu), ndipo akamaliza amateronso. Makina akasemphana ndi kachipangizoko, zoyezedwa za tsikulo sizikhulupirika. Makinawo amawatchera kuti azimva ngati khutu la munthu, lomwe mawu ena limawamva kwambiri kuposa ena. Kenako phokoso lililonse lomwe lagwidwa amaliyerekeza ndi zomwe rada inaona pa mphindi yomweyo, kuti adziwe ngati inalidi ndege, osati lole kapena galu wa pafupi. Ku Heathrow makina oyang'anira ndege zonyamuka ali pa mtunda wa makilomita 6.5 kuchokera pomwe ndege imayambira kuthamanga, ndipo ndege yopyola malire kampani yake imalipira chindapusa.

Zonsezi zikasonkhana, katswiri amajambula mizere pamapu. Mlimi amene anatemapo akalozera m'munda wa pamtsetse aimvetsa msanga ntchitoyi: kalozera amalumikiza malo ofanana kukwera, pomwe mzere wa phokoso umalumikiza makomo omva phokoso lofanana. Mizereyo imatalika motsatira misewu ya ndege, n'kupyapyala m'mbali, ngati tsamba la chimanga. Kuyambira 1990 Britain inkawerengera phokoso la maola 16, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 11 koloko usiku, m'masiku a chilimwe kuyambira pakati pa Juni mpaka pakati pa Seputembala. Anasankha chilimwe dala: ndiyo nyengo imene ndege zimachuluka, mawindo ali otsekula, anthu ali panja. Mzere wa madesibelo 57 unatengedwa ngati poyambira kusautsika kwenikweni. Mizere yoteroyo ndi imene imanena nyumba ndi sukulu zoyenera kuikidwa mawindo otchinga phokoso, choncho cholembera chikaterereka pang'ono, banja lina latsala kunja.

Pali msampha m'masamu amenewa, ndipo amene anauulula ndi akatswiri omwewo. Ndege zikachuluka kawiri, muyeso umangokwera ndi madesibelo 3. Ndiye kuti ndege iliyonse ikachepetsa phokoso ndi madesibelo 3, bwalo likhoza kuwirikiza ndege zake mzere pamapu osasuntha ngakhale pang'ono. Papepala zinthu zili chimodzimodzi, koma pakhomo ocheza aja akudulidwa nkhani kawiri pomwe kale ankadulidwa kamodzi. Ku Sydney anaziona zimenezi msewu wachitatu wa ndege utatsekulidwa mu 1994. Anthu amene mapu anawaika kunja kwa mizere anakwiya kwambiri, poona kuti zomwe anauzidwa sizikugwirizana ndi zomwe makutu awo akumva. Atakambirana, akatswiri a ku Australia anabwera ndi muyeso wosavuta: kungowerenga kuti pa tsiku ndi ndege zingati zopyola madesibelo 70 zimene zidutse pamwamba pa denga lako. Nambala ya 70 sanaitole m'mwamba. Phokoso la 70 panja limafika pafupifupi 60 m'nyumba ya mawindo otsekula, ndipo pamenepo m'pomwe anthu ocheza amayamba kusamvana. Muyeso wochokera pa macheza a pabalaza! Nako ku Britain ofufuza anabwereranso m'makomo mu 2014, n'kupeza kuti anthu tsopano akusautsika ndi madesibelo 54 monga momwe ankasautsikira ndi 57 kale, ndipo boma linatsitsa mzere woyambira kuganizira anthu kufika pa 51 masana. Mmisiri amene amakayikira chingwe chake choyezera n'kukachiyesanso ndimamulemekeza kwambiri.

Kafukufuku amene ndimamusirira kuposa onse anachitikira ku Munich. Mu Meyi 1992 mzindawo unatseka bwalo lake lakale la Riem n'kusamukira ku latsopano usiku umodzi wokha. Staffan Hygge, Gary Evans ndi Monika Bullinger anauona mwayiwo usanafike. Anayesa ana a sukulu oposa 300 m'madera onse awiri ndege zisanasamuke, n'kuwayesanso kawiri zitasamuka, pamodzi ndi ana ena okhala kutali ndi phokoso oti awayerekeze nawo. Ana a pafupi ndi bwalo lakale anayamba kuwerenga ndi kukumbukira bwino phokoso litachoka. Ana a pafupi ndi latsopano anabwerera m'mbuyo. Anawo anali omwewo, makolo omwewo, chomwe chinasintha ndi thambo lokha. Kafukufuku wina wa 2005, m'sukulu zozungulira mabwalo a London, Amsterdam ndi Madrid, anapezanso kuti phokoso la ndege limachedwetsa mwana kumvetsa zomwe akuwerenga. Lero wolemba lipoti la kukulitsa bwalo sangalumphe sukulu, ayenera kuziwerenga imodzi ndi imodzi.

Sikuti mizere imapulumutsa mudzi uliwonse. Komiti ya Sir Howard Davies mu 2015 inavomereza msewu wachitatu ku Heathrow ikudziwa bwino kuti nyumba zoposa 700 zidzagwetsedwa, mudzi wa Longford wonse ndi gawo lalikulu la Harmondsworth, komwe kuli nkhokwe yaikulu yamatabwa ya zaka pafupifupi 600. Nyumba ya malamulo inavomereza mu 2018, khoti la apilo linati ganizolo silinatsate lamulo mu Febuluwale 2020, ndipo khoti lalikulu kwambiri linasintha chigamulocho mu Disembala chaka chomwecho. Kwa wokhala ku Harmondsworth, chipukuta misozi cha mtengo wa nyumba ndi kuwonjezera kotala sichibweza anansi. Komabe komiti yomweyo inanena kuti msewuwo ukamangidwa ndege zisamatere kapena kunyamuka kuyambira 11:30 usiku mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo inali ndi poimira ponena zimenezo chifukwa cha anthu amene anakhala zaka akuwerenga tulo ta anzawo.

Oyezawa anaphunziranso kuti munthu amapirira phokoso akadziwa nthawi yomwe lithe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, mphepo ikakhala ya kumadzulo, Heathrow imasinthanitsa misewu yake iwiri tsiku lililonse: womwe ndege zimaterapo m'mawa umakhala wonyamukira madzulo, ndipo sabata yotsatira amatembenuza. Ndondomekoyo imasindikizidwa ya chaka chonse, moti banja lokonza phwando pabwalo la nyumba limatha kuyang'ana kaye kuti Loweruka limenelo ndege zidzakhala mbali iti. Pa Myrtle Avenue, sabata yomwe mbali yawo yalandira ndege m'mawa, nthawi ikakwana 3 koloko masana mzere wa nyali m'mwamba umasunthira kumpoto, ndipo ocheza pakhomo amatha kumaliza nkhani yawo.