Mlembi wa masewero

Kuno ku Chintheche kiriketi timangoimva, koma ntchito ya Sydney Pardon imandigwira mtima. Anakhala mkonzi wa Wisden, buku la chaka ndi chaka la masewerowa ku England, mu 1891, mishoni ya ku Bandawe ili ndi zaka 10 zokha. Udindowo anausenza mpaka imfa yake mu 1925. Ntchito yake yolemetsa zikope: dzina ndi dzina, nambala ndi nambala, kuwonkhetsa mobwerezabwereza. Oponya mpira mophwanya malamulo ankawadzudzula mosapsatira mawu.

Ndimamukumbukira ndikaona mnyamata m'mbali mwa bwalo ku Kande, kope lonyowa ndi thukuta lili pabondo, akulemba dzina la womwetsa chigoli, anzake onse atathamangira kukavina.