Mendulo ya msilikali: ndani ayenera kuivala?

Mendulo ndi kacitsulo kakang'ono. Sikalima, sikaphikidwa, sikaletsa cipolopolo. Koma boma likaika kacitsulo aka pa cifuwa ca msilikali, limauza dziko lonse kuti: munthu uyu anacita cinthu cimene anzake sanathe kucita. Mphamvu yonse ya mendulo ili m'mau amenewa. Mauwo akakhala onama, catsala ndi citsulo cabe.

Pali maiko amene amagawa mamendulo monga mbeu pa nyengo yobzala: aliyense aime pa mzere, alandire yake. Ife tikutsutsa mcitidwe umenewu. Tiyeni tione zimene zinacitika kwina.

Tiyambe ndi Soviet Union, dziko lalikulu limene linatha mu 1991. Anthu a dziko limenelo anamenyana ndi asilikali a Hitler kuyambira 1941 kufikira 1945, ndipo anafa oposa mamiliyoni 20. Mu 1943 boma lao linakhazikitsa Mendulo ya Cipambano. Lamulo lake linali louma: aivale mkulu wa asilikali yekhayo amene watsogolera nkhondo yaikulu ndi kuitembenuza. Woyamba kuilandira anali Marshal Zhukov mu 1944, yemwe pambuyo pake anafika ndi asilikali ake ku Berlin.

Mu 1978, patapita zaka 33 nkhondo itatha, mendulo imeneyi inaikidwa pa cifuwa ca Leonid Brezhnev, mtsogoleri wa dzikolo. Brezhnev ku nkhondo anapitako ndithu, zimenezo sitikana. Nchito yake inali yophunzitsa ndale pakati pa asilikali. Koma sanatsogolere nkhondo iriyonse yaikulu. Ndipo sizinathere pamenepo. Nyenyezi ya golide ya Ngwazi ya Soviet Union, imene mnyamata wamba ankaipeza ataika moyo wake pa moto, Brezhnev anailandira kanai: mu 1966, 1976, 1978 ndi 1981. Nthawi zonse inali Disembala, mwezi umene iye anabadwa. Pamene anakwanitsa zaka 60, nyenyezi. Zaka 70, nyenyezi. Zaka 72, nyenyezi ina. Zaka 75, inanso. Kodi kukalamba ndi kulimba mtima? Ngati ndi tero, agogo athu onse m'midzi muno ndi ngwazi kanai kanai!

Anthu ake anali kuseka m'nyumba, cifukwa poyera sakanatha. Brezhnev anamwalira mu 1982, ndipo mu 1989 boma lomwelo linafafaniza dzina lake pa Mendulo ya Cipambano, ponena kuti anailandira mosemphana ndi lamulo.

Mlandu uwu ndi wosavuta kuweruza. Wovuta ndi waciwiri, cifukwa unacitika ndi mtima wabwino.

Mu 1942 dziko lomwelo linakhazikitsa Mendulo ya Nkhondo Yoteteza Dziko. Lamulo lake linachula nchito imodzi imodzi: kuononga akasinja a mdani, kugwetsa ndege, ndi zina zotero. Pa nkhondo yonse anailandira anthu oposa miliyoni imodzi. Mu 1985, pokumbukira zaka 40 za cipambano, boma linalamula kuti onse amene anamenya nao nkhondoyo ndipo akali moyo alandire mendulo yomweyo. Analandira oposa mamiliyoni 7.

Wina anena kuti: cavuta n'ciani? Madala amenewa anagona m'maenje, anamva njala, anaika anzao m'manda. Kodi boma lisawathokoze? Mau awa ndi olemera, ndipo ife tikuwamva. Liwathokoze ndithu. Liwapatse penshoni, mankhwala, denga losadontha. Liwapatsenso mendulo ya cikumbutso, imene imanena kuti: uyu analipo. Mendulo yotere iyenera kufika kwa onse, wophika ndi woyendetsa galimoto yemwe, ndipo m'caka comweco ca 1985 inaperekedwadi. Koma mendulo ya kulimba mtima imanena zina. Imanena kuti: pa tsiku lakuti, pa malo akuti, uyu anacita cakuti, ndipo mboni zilipo. Kuyambira 1985, mdzukulu woona mendulo ija pa jekete la agogo ake sakanadziwanso ngati inacokera ku moto wa 1943 kapena ku ofesi. Amene anaipeza ndi magazi ndiye analandidwa.

M'kalasi mwathu timazidziwa izi. Tikapereka cikalata ca mayeso kwa aliyense amene analembetsa dzina, ngakhale sadziwa kulemba dzinalo, mai amene anabwera masiku onse ndi mwana kumbuyo atenga ciani kunyumba?

Tisaganize kuti nthenda iyi inali ya mbali imodzi. Mu Okutobala 1983 United States inalowa ndi nkhondo pa Grenada, kacilumba kakang'ono ka m'nyanja ya Caribbean. Nkhondoyo inatha m'masiku owerengeka. Gulu la asilikali a pamtunda linatumiza anthu pafupifupi 7,000, koma linagawa mamendulo 8,612. Ena amene analandira sanapondeko n'komwe pa cilumbaco.

Tibwere kwathu. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Setembala 1964 ku Cabo Delgado ndi ku Niassa, ndipo mu 1968 inayaka ku Tete. Zaka khumi zonsezo, kufikira pangano la ku Lusaka la pa 7 Setembala 1974, omenyera ufulu sanavale nyenyezi pa mapewa. Analipo akomandanti, koma maudindo a nyenyezi anadza mu 1980, pamene Samora Machel anakhala Marshal. Kuthengo munthu ankadziwika ndi zocita zake. Anzake ankadziwa amene anatsala kumbuyo kunyamula wovulala, ankadziwanso amene anathawa.

Pamenepa pali ngozi ina imene tiyenera kuinena. Tikati mendulo ipite kwa woiyenera, ndani adzalemba maina? Ngati alemba ndi akuluakulu okha, adzaona akuluakulu anzao. Sadzaona amai a Destacamento Feminino, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1967, kapena alimi wamba amene anasenza mabokosi a zipolopolo pamutu kucokera ku malire a Tanzania ndi Zambia, ulendo wa masiku ambiri, ndege za Apwitikizi zikuzungulira kumwamba. Ambiri mwa iwo sanadziwe kulemba, ndipo palibe anawalembera lipoti. Conco ofufuza atsike, afunse m'midzi, amve mboni ziwiri kapena zitatu. Pa tsiku lopereka mendulo, nchito imene munthuyo anacita iwerengedwe mokweza, m'cinenero cimene anthu a pamenepo amamva, kuti amene analipo athe kuvomera kapena kukana.