Maliro Opanda Dzina: Nyimbo ya Richard Strauss Yotchedwa Metamorphosen

Munthu akamva kulira kukuchokera kutsidya kwa dambo mbandakucha, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Watisiya ndani?" M'midzi ya ku Mchinji funsoli silichedwa kuyankhidwa, pakuti amayi olira pasiwa amamutchula amene akumulirayo. Ngakhale mkulu woimba kaligo, amene nsambo yake imodzi imalira ngati munthu, amaperekeza kulirako ndi mawu. Koma ilipo nyimbo ina ya maliro, yotchuka kwambiri ku Ulaya, imene ilibe liwu ndi limodzi lomwe, ndipo chiilembereni anthu akhala akutsutsana za mwini malirowo.

Nyimboyi dzina lake ndi Metamorphosen, kutanthauza masinthidwe. Anaipeka ndi Richard Strauss, Mjeremani wobadwira ku Munich mu 1864. Pamene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali kutha, iyeyu anali nkhalamba ya zaka 80, ndipo nyumba zimene anagwiriramo ntchito moyo wake wonse zinali kugwa imodziimodzi. Zimenezi zinali nyumba za opera, ndiko kuti zisudzo zimene anthu amachita moimba. Ya ku Munich, m'mene bambo wake anaimbamo lipenga zaka zambiri, inaphulitsidwa ndi mabomba mu Okutobala 1943. Ya ku Dresden, kumene zisudzo zake zingapo zinaonekera koyamba, inapsa mu Febuluwale 1945. Ya ku Vienna inapsa pa 12 Malichi chaka chomwecho. M'mawa mwake, pa 13 Malichi, Strauss anayamba kulemba nyimbo yonse mwadongosolo, naimaliza pa 12 Epulo.

Oimba ake ndi 23, onse a zoimbira zansambo zokwecha ndi kauta monga achitira kaligo: mavayolini 10, maviyola 5, machelo 5 ndi mabesi 3. Mulibe ng'oma, mulibe lipenga. Apa mpamene pali nzeru yoyamba ya mpekiyo. Lipenga ndi ng'oma ndi zida za msilikali, ndipo n'chifukwa chake magule monga mganda ndi malipenga, amene anafala amuna atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amakumbutsa za perete wa asilikali. Strauss anazisiya zida zimenezi, natsala ndi nsambo zokha, zimene zimatha kukoka mawu nthawi yaitali osapumira, monga achitira munthu wobuula.

Nzeru yachiwiri ndiyo yoposa. Kawirikawiri m'magulu otere oimba vayolini khumi amaimba chinthu chimodzi ngati munthu mmodzi. Muno ayi. Aliyense mwa oimba 23 aja ali ndi mzere wakewake. Nyimbo imayambira pansi, m'mawu a machelo, mwakachetechete. Kenaka maviyola amabweretsa kachidutswa kakang'ono: mawu atatu afupiafupi ofanana, lachinayi lalitali, kenaka kutsetsereka. Kachidutswa kameneka kamachoka kwa uyu kupita kwa uyo, apa kakwera, apo katsika, koma sikatayika. Amene anagonapo pasiwa adziwa m'mene kulira kumayendera: mmodzi akatopa wina amalandira, ndipo ngakhale aliyense alira mwa njira yake, wakunja amamva mfuu umodzi. Chapakati nyimbo imafulumira ndi kuwala, ngati namfedwa amene wayamba kusimba za masiku abwino a malemu mpaka kuiwala kuti bokosi lili pomwepo. Kuwalako kukafika pachimake kumaduka, ndipo kubuula kwa poyamba kumabwerera kolemera kuposa kale. Zonsezi zimatenga pafupifupi theka la ola. Womvera wosazolowera angathe kudandaula kuti chigawo chapakati chatalika, ndipo dandaulo lakelo silingakhale lopanda pake.

Kumapeto kwenikweni, machelo ndi mabesi amaimba chiyambi cha nyimbo ya maliro imene Beethoven anaika mu simfone yake yachitatu, yotchedwa Eroica. Apa womvera amazindikira kuti kachidutswa kotsetsereka kaja kanali mwana wa nyimbo imeneyi chiyambire. Pansi pa mizere imeneyi Strauss analembapo mawu awiri a Chilatini otanthauza "pokumbukira". Dzina sanalembepo.

Nyimbo inamveka koyamba ku Zürich pa 25 Januwale 1946, motsogozedwa ndi Paul Sacher. Chaka chotsatira, mlembi wina wa ku Holland, Matthijs Vermeulen, ananena poyera kuti malirowa ndi a Hitler. Mlanduwo sunali wongopeka m'maloto, chifukwa mbiri ya Strauss inali ndi banga. Kuchokera mu 1933 mpaka 1935 iye anali mkulu wa bungwe la zoimbaimba limene boma la Nazi linakhazikitsa. Komabe boma lomwelo linamuchotsa litagwira kalata imene analembera mnzake wachiyuda, Stefan Zweig. Mpongozi wake, Alice, analinso Myuda, ndipo abale ambiri a mayiyu anaphedwa ndi boma limenelo. Kuwonjezera apo, Beethoven anali atalinga kupereka simfone ija kwa Napoleon, koma anafafaniza dzinalo mu 1804 atamva kuti munthuyo wadzilonga ufumu. Wofuna kutamanda wolamulira wankhanza sakadasankha nyimbo ya mbiri yotere. Vermeulen anaphonya.

Koma kumasula Strauss pa mlandu umenewu sikuthetsa nkhani yonse. Zimene zinamukhudza mtima, monga masiku a kalembedwe kake aonetsera, ndi kugwa kwa nyumba za zisudzo ndi kwa chikhalidwe cha Ajeremani, cha Beethoven ndi Goethe. Kodi n'koyenera kulira makoma pamene anthu mamiliyoni aphedwa? Anthu a m'maboma a m'malire, amene analandira othawa nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, sangafulumire kumuseka. Iwo akudziwa kuti wothawa nkhondo amalira abale ake, komanso amalira nkhokwe yake, mtengo wa mango umene anabzala ndi manda a makolo amene anawasiya opanda wolambula. Kulira malo si kupepuka mtima.

Chovuta chili pena. Nsambo zimatha kunena kuti "ndataya", koma sizitha kunena kuti "ndalakwa". Mu Metamorphosen muli chisoni chochuluka, koma palibe pamene womvera angaloze kuti apa mpekiyo akuvomera mbali yake pa tsokalo, kapena akutembenukira kwa amene mtundu wake unawazunza. Nyimbo yopanda mawu imadalira dzina limene mwini waipatsa. Krzysztof Penderecki wa ku Poland anapeka nyimbo ya zoimbira zansambo 52 mu 1960, naitcha dzina longonena kutalika kwake, mphindi 8 ndi masekondi 37. Pambuyo pake anaisintha dzina kuti ikhale maliro a anthu a ku Hiroshima, ndipo kuyambira pamenepo omvera amamvamo bomba. Strauss anali ndi mpata womwewo wotchula akufa, pansi pa tsamba lomaliza, koma anausiya wopanda kanthu.

Iye anamwalira mu 1949 nyumba zija zikadali mabwinja. Ya ku Vienna inatsekulidwanso mu 1955, ya ku Munich mu 1963, ndipo ya ku Dresden pa 13 Febuluwale 1985, patapita zaka 40 chipsereni. M'nyumba zitatu zonsezi zisudzo za Strauss zinayambanso kuimbidwa. Agogo ake a Alice, amene anatengedwa kupita ku ndende ya Theresienstadt, sanabwerere.