Mlamba-wosaterereka: Ng'oma za Agogo a ku Keyala

Wambani ng'oma, anyamata. Mbalule muiyandikize kumoto chikopa chikungike, mpanje muumate phula latsopano, gunda adikire kaye, nthawi yake ifika. Misozi tinalira chaka chatha, mitu tinameta, tsitsi lameranso. Lero tavundukula chiliza, ndipo pachilizapo amisiri alemba dzina limodzi lokha, la ubatizo. Munthu uyu anali ndi mayina odzaza dengu. Ine mdzukulu wawo, wobadwa kwa mwana wawo wamkazi wachitatu, ndaima pabwalo pano kuti ndiwatchule limodzilimodzi. Amayi, manja akhale pafupi. Nthungululu musaumire.

Ndi! Ndi! Ndi-ndi-ndi!

Inu Agogo, Mphukira-ya-pambuyo-pa-Chiwaya, wobadwa nkhondo yoyamba ija itangozilala, amayi anu akuwerengabe amtengatenga amene sanabwerere. Inu Zaka-zongoganizira, amene wolemba asilikali anakuyezani chifuwa ndi chingwe, nakusuzumirani m'kamwa, nalemba msinkhu umene iye anaufuna. Inu Mbusa-wa-mbuzi-wotsata-lipenga, amene munasiya chikwapu pakhola mu 1942 n'kuyenda wapansi mpaka ku Zomba, kumene lero timati Cobbe Barracks, pafupi ndi nsanja ya njerwa zofiira yokumbukira asilikali a Keyala, a King's African Rifles.

Ndi-ndi! Ndi!

Inu Msiya-chikole. Apa ng'oma itsike pang'ono, tinene bwino. Musananyamuke munapita kumudzi wa kufupi ndi Lirangwe, munakaima kuseri kwa nkhokwe, munapereka kwa namwali wina mpango wa kumutu ndi mikanda yoyera ya chingwe chimodzi. Simunalonjeze ng'ombe kapena nyumba ya malata. Munangoti, “Ndikakhala moyo ndidzabwera pano.” Namwaliyo ndiye Agogo aakazi, agona apawa. Mpangowo sanauvale zaka zinayi, anausunga mumphika wosaphikira, pamwamba atavundikira mbale.

Mbalule, lankhula!

Inu Mwoloka-nyanja-yamchere, amene munakwera malole mpaka ku Kenya, ndi sitima ya pamadzi kuchokera ku Mombasa mpaka ku Ceylon mu 1943, masiku ambirimbiri osaona phiri kapena mtengo, anyamata a ku Mulanje ndi a ku Dedza akusanza pamodzi mundowa imodzi. Inu Mphwake-wa-a-ku-Somaliland, amene munaphunzira kugwira mfuti kwa masajeni olawa kale moto pa Tug Argan mu 1940, olamula m'Chinyanja chathu chomwechi, chokhala ngati chakazingidwa. Inu Chikwanje-cha-ku-Kabaw! Pamene magulu ena ankadikira kuti mvula ya monsuni ikate, gulu lanu la 11th East African Division analitsitsira m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu Ogasiti 1944, mvula ili pakati. Matope ofika m'maondo. Malole kutitimira, abulu kugwa, katundu kubwerera pamutu pa munthu monga kwathu. Chakudya chinkachita kugwa kumwamba, ndege zikuponya matumba, ena n'kukakodwa m'mitengo ya tiki. Misundu inkalowa m'jombo, inu n'kumaiwotcha ndi ndudu. Udzudzu ndi nthata za m'tchire zinagoneka amuna ambiri amene chipolopolo cha Mjapani chinawaphonya.

Inu Msenza-machira, amene munanyamula mnzanu wa ku Mulanje usiku wonse, thupi lake likutentha ngati fuwa, nafera m'manja mwanu kusanache. Munamukulunga m'bulangete lake, munakumba ndi fosholo yaifupi, madzi akudzaza dzenje musanamalize. Nkhani ya nkhondo imene munatiuza mpaka kumapeto ndi yokhayi. Zinazo tikafunsa munkangoti, “Kunali mvula, adzukulu,” n'kutembenukira kumakina anu osokera.

Inu Mfika-pa-Chindwin, amene munaona Kalewa mu Disembala 1944, mtsinje waukulu uli tantha, akatswiri akuyalapo mlatho woyandama. Inu Nyenyezi-ya-Burma-m'chitini, amene mendulo zanu zinkagona m'kachitini ka tiyi pamodzi ndi singano ndi mabatani, n'kumatuluka kamodzi pachaka, mu Novembala, pamene munkatsuka jekete, kubaya duwa lofiira pachifuwa, kuima njo 11 koloko, ngakhale nkhuku zikudutsa pakati pa miyendo yanu.

Gu! Gu! Gu-gu! Gunda, lowa tsopano, pakuti mayina amene akubwerawa ndiwo olemera.

Inu Mbwerera-pankhokwe. Mu 1946 munatsika ndi bokosi lachitsulo, chijasi, jombo, ndi kandalama kamene kanangokwanira makina osokera a Singer. Anzanu ena ndalama zinathera m'mabotolo ndi m'masiketi a m'tauni, sitiwaweruza, anaona zoopsa. Inu musanakafike n'komwe kwa amayi anu munadzera kuseri kwa nkhokwe ija. Mpango unatuluka mumphika. Ankhoswe anakhala pansi, nkhuku inadyedwa, inu munalowa chikamwini, msilikali wa mendulo n'kumakalimira apongozi, kuwapatukira panjira, kudyera pakhonde. Inu Telala-wa-pakhonde-la-sitolo, wopalasa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tepi ili m'khosi, choko kukhutu, wosoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a ukwati, wodziwa kutembenuza kolala yakutha kuti malaya a mphunzitsi aonekenso atsopano.

Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ananena ataona. Ndipo chaka chimene mawuwa anaonekera poyera ndi 1949.

Ng'oma ikhale pansipansi. Manja okha.

Mvula inagwa yodzalira, kenako inangoti zii. Chimanga chinapserera chili m'maondo. Anadzalanso, chinapsanso. Kuno ku Lirangwe, ku Lunzu, dera lonse la Blantyre, nkhokwe zinayamba kulira mphepo. Gaga amene tinkapatsa nkhumba anasanduka chakudya cha alendo. Amayi ankakumba mipama kutchire n'kuiphika kawirikawiri kuti ululu uchoke, ankawiritsa mango osakhwima, ana akulira ndi mawu osatuluka. Makina anu anaima, pakuti ndani asoketsa malaya mimba ili pamsana? Ndipo amuna anayamba kuchoka. Wina ankati ndikukasuma, osabwerera. Wina ankati ndikaone amayi kwathu, n'kukakwatira kumene kunali chinangwa. Akazi a m'midzi muno anatsala ndi ana pamsana ndi m'manja, ndipo agogo amene analipo chaka chimenecho mpaka lero akamasinja amaikumbuka njala imeneyo ndi mayina a amuna amene anathawa.

Alongo anu anatumiza mthenga: bwerani kuno, kudambo kwatsala mbatata, muzipulumutse. Inu munayankha kuti, “Pakamwa panga pali pano, pali patatu.” Munkanena Agogo aakazi, mwana woyamba amene anali kuyamwa, ndi apongozi anu okalamba.

Inu Msuma-wobwerera! Munamanga chijasi ndi jombo m'kathumba, munawoloka Shire pa Matope, munakwera mitunda mpaka ku Ntcheu kumene mvula inagwako. Munalima ganyu m'minda ya Angoni, msilikali wa mfumu ya ku England kulipidwa nsengwa ya chimanga. Chijasi chimene chinakufunditsani m'sitima munasinthitsa ndi mapira. Jombo zimene zinaponda Kabaw munasinthitsa ndi nyemba. Munabwerera chosavala, thumba pamutu, kuyenda usiku kuopa olanda, kugona m'mitengo kuopa afisi. Agogo aakazi ankatiuza kuti tsiku limene munafika iwo anali pamtondo wopanda kanthu, kungokhalapo. Anaona munthu wakuda bii, wowonda, mapazi otupa ong'ambika, sanakuzindikireni mpaka mutatula thumba n'kunena kuti, “Mwana wadya?” Anakuthirani madzi ofunda kumapazi, minga anaizula ndi singano ya makina. Mutapuma masiku anayi munanyamukanso. Maulendo atatu, Agogo. Atatu!

Nthungululu apo, amayi! Mbalule, ng'amba!

Inu Mlamba-wosaterereka! Inu Mkamwini-wosanduka-mzati! Inu Jombo-zinadyedwa-ndi-ana! Ine ndikuti mendulo yanu yeniyeni ndi imeneyi, ndipo ndikunena pamaso pa asilikali anzanu amene abwera ndi malipenga awo. Ku Burma munapita chifukwa analamula, sajeni ali kumbuyo. Ku Ntcheu panalibe wokulamulani kubwerera. Tonse taima pano, ana asanu ndi awiri, adzukulu osawerengeka ndi zala, zidzukulutudzi zikukwawa pamphasa apo, tinatuluka m'thumba lija.

Ndi-ndi! Ndi-ndi! Ndi!

Inu Tambala-wa-folo-koloko, sitibisa, munali aukali. Mwana wogona dzuwa litatuluka ankadzuka ndi madzi ozizira kumaso. Mphasa yopinda mokhota inkapindidwanso. Khasu losatsuka linali mlandu. Koma dzanja lanu silinagwerepo mkazi, ndipo mwana amene mwamukalipira masana, madzulo ankapeza chigamba chatsopano pakabudula wake. Inu Fizi-ya-m'makina, amene munaphunzitsa ana aakazi pamodzi ndi aamuna pamene anzanu ankati mtsikana sukulu yake ndi mtondo. Inu Mwinimbumba-wa-mbali-ziwiri, bambo kuno, malume kwanu, wopalasa njinga kukaweruza za alongo anu ndi ana awo, n'kubwerera tsiku lomwelo kuti nsima mudzadye ya m'nyumba mwanu. Inu Nkhoswe-yosatopa, amene pansi pa mtengo wa mango uwo munalumikiza mabanja amene anali atagawana kale mbale ndi zipande. Munkayamba mwamvetsera mpaka wolankhula atatha mpweya, kenako n'kufunsa funso limodzi lokha, loti munthu akagone nalo.

Mbendera inasintha mu 1964, Keyala inasanduka Malawi Rifles, ndalama inasintha kuchoka pa mapaundi kufika pa kwacha, makwacha nawo anapepuka, kaunjika anadzaza misika n'kulanda matelala ntchito. Inu munangosintha singano n'kumachepetsa zovala za kaunjikazo.

Tsopano ng'oma zonse zikhale chete, itsale mpanje yokha, iziyenda ngati mtima.

Inu Mthiko-wa-nkhalamba. Agogo aakazi anagwa pamtondo tsiku lina, dzanja ndi mwendo wa kumanja zinauma, lilime linalemera. Ana anati tiwatenge kutauni, adzukulu tinati tizisinthana. Inu munati, “Mundithandize, koma musandilande.” Zaka zisanu ndi chimodzi tinakuonani, munthu wa imvi mbuu, mukukoleza moto pamafuwa, mukuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mukuliuzira pasupuni, mukudikira kuti ameze, mukupukuta pachibwano ndi kansalu kamene munakasoka nokha m'mbali kuti kasakande. Munkawatulutsa padzuwa m'mawa, n'kuwabweza pamthunzi dzuwa likakula. Munasoka madiresi otsekula kutsogolo, a mabatani akuluakulu, kuti dzanja limodzi lithe kumanga. Madzulo munkawapesa n'kuwamanga mpango, ndipo mfundo yake inkakhala yokhota, iwo n'kumaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Amuna ena pabawo ankanong'ona kuti mdala uja anadyetsedwa khuzumule. Mawuwo anakufikani. Munangoti, “Anandidikira zaka zinayi osadziwa ngati ndili moyo. Ine ndikudziwa kuti ali moyo, ali m'nyumbamu.” Apo bawo linapitirira mwakachetechete.

Mawu awo anali atasokonekera moti ife sitinkamva kanthu, koma inu munkamva zonse. Ankangoti “aa,” inu n'kubweretsa madzi. Ankati “aa” wina, inu n'kuthamangitsa nkhuku pachimanga. Usiku umene anatisiya munatidzutsa mofatsa, mutawatseka kale maso, mutawafunditsa chitenje chimene ankachikonda, nyali mutaikweza.

Inu Mkana-kubwerera-kwanu. Mwambo umati mkamwini mkazi akamwalira amusudzule, abwerere kwa abale ake, ndipo akadzafa akagone kumanda a kwawo. Abale anu anabwera kudzakutengani, mwaulemu wonse. Eni mudzi uno anakana, nati uyu salinso mlendo, anatisenzera chimanga pamutu. Inunso munapempha chinthu chimodzi, kwa mfumu ya kuno ndi kwa ana a alongo anu, mutavula chipewa: kuti pambali pa manda a Agogo aakazi pasiyidwe malo a munthu mmodzi. Zaka zitatu zotsatira munkapita kukazula udzu pamalo awiri, pogona iwo ndi podzagona inu.

Mbalule, dzuka! Mpanje, yankha! Gunda, gunda!

Mphukira-ya-pambuyo-pa-Chiwaya, ee! Msiya-chikole, ee! Chikwanje-cha-ku-Kabaw, Msenza-machira, Mfika-pa-Chindwin, ee! Telala-wa-pakhonde, Tambala-wa-folo-koloko, Nkhoswe-yosatopa, ee! Msuma-wobwerera, Jombo-zinadyedwa-ndi-ana, Mthiko-wa-nkhalamba, Mlamba-wosaterereka, eee!

A kwawo kwa Agogo, ana a alongo awo, lowani m'bwalo, malume anu sitinakubereni, munatipatsa nokha, tikuombera m'manja. Asilikali, imbani lipenga lanu kamodzi, lalifupi. Amayi aakulu, inu amene munali kuyamwa chaka cha 1949, bwerani kutsogolo ndi kachitini ka tiyi kaja. Tsegulani. Mendulo muike pachiliza cha kumanja. Mikanda yoyera ili pansi pa mabataniyo muike pa cha kumanzere.

Ndi. Ndi. Ndi.