Pogona pa mwana wa sukulu: kuwerenga Welcome to Our Hillbrow ndi maso a mlendo

Buku la Phaswane Mpe lotchedwa Welcome to Our Hillbrow, lomwe linatuluka mu 2001, ndi lalifupi moti munthu atha kulimaliza tsiku limodzi. Ambiri amene analilembapo ndemanga amati ndi buku lonena za Edzi komanso za mtima wodana ndi anthu obwera, ndipo sakunama. Koma ine ndimaona kuti muzu wake uli pa funso limene aliyense wosankhidwira ku yunivesite amakumana nalo asanaone n'komwe khomo la kalasi: ndikagona kuti? Mpe anaonetsa bwino zedi momwe malo ogona a wophunzira amasandukira chigamulo pa thupi lake. Pamene ndikusemphana naye ndi apa: pofuna kutiikira kumbuyo ife alendo, anatisiya opanda pakamwa.

Mpangankhani wamkulu, Refentše, amachoka kumudzi kwawo ku Tiragalong, kumpoto kwa South Africa, mu 1991, kudzayamba maphunziro pa University of the Witwatersrand, imene ambiri amangoti Wits. Safikira kumalo ogona ophunzira. Amafikira kwa msuweni wake ku Hillbrow, m'nyumba yosanja yotchedwa Vickers Place. Chaka cha 1991 ndi chomwenso boma linathetsa lamulo la Group Areas Act, limene kuyambira mu 1950 linkagawa malo okhala potengera khungu. Pa pepala, Hillbrow anali wa azungu okha, koma kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anthu akuda anayamba kulowamo mozemba. Munthu wokhala m'nyumba mozemba lamulo sangakadandaule kulikonse. Choncho eni nyumba ankakweza lendi, mipope ndi zimbudzi osakonza, ndipo olipira ankaitana anzawo kuti adzagawane mtengo mpaka chipinda cha anthu awiri kudzadza thothotho. Mbiri yoipa ya Hillbrow inabadwira pamenepo, m'matumba a eni nyumba, osati m'magazi a anthu okhalamo.

Mutu woyamba wa bukuli ndi mapu. Mfotokozankhani amamuyendetsa Refentše msewu ndi msewu, kutchula mayina ake ndi mokhotera monse, kuchoka pakhomo pa msuweni mpaka kukafika pageti pa yunivesite. Ena amaona ngati ndimezi ndi zotopetsa. Ine ndimaziona kuti ndi zoona kuposa ndime zina zonse, chifukwa moyo wa wophunzira wogonera kunja kwa mpanda uli mumsewu womwewo. Mnzake wogona mkati amadzuka n'kulowa m'kalasi, pomwe iye tsiku lililonse amadutsa pakati pa mayiko awiri wapansi, ndipo nthawi yotulukira mulaibulale amaiwerengera potengera mdima, osati ntchito imene yamutsalira. Chinanso, nkhani yonse imakambidwa kwa Refentše mwini wake pomutchula kuti "iwe", pomwe iye anamwalira kale. M'khutu la munthu wolankhula Chichewa zimamveka ngati mawu a pamanda, aja wachibale amalankhula kwa womwalira khamu likumvetsera. Amene akuuzidwa ndi wakufa, koma amene akudzudzulidwa ndi amoyo.

Msuweni uja ndi wapolisi, ndipo amadyera anthu obwera ochokera m'mayiko ena a mu Africa, awo amene amanyozedwa ndi dzina lakuti makwerekwere. Amawagwira, kuwaopseza za ziphaso, n'kuwamasula akalandira kenakake. Pa mpira amachemerera matimu a mu Africa akamasewera ndi a ku Ulaya, koma mumsewu amadana ndi eni matimuwo. Refentše amaona chinyengo chimenechi ndipo amatsutsana naye. Komabe wowerenga amadzifunsa kuti denga limene linamusunga mnyamatayu atangofika mutauni linkalipiridwa ndi ndalama ziti. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Inenso ndinaphunzira ndikugona pabalaza pa achibale, ndipo ndimadziwa mtengo wa mphasa yaulere: umaphunzira kuseka nthabwala zimene sukugwirizana nazo, ndipo ukadwala umabisa kuopa kuti anena kuti wabweretsa matenda m'nyumba ya ana. Mpe anakhudza chilonda chimenechi, ngakhale sanachitsegule chonse.

Pamene bukuli limaluma kwambiri ndi pa nkhani ya miseche. Anthu a ku Tiragalong safuna dokotala kuti adziwe matenda a munthu. Amangofunsa kumene amakhala. Kwa iwo Edzi inachokera ku mayiko a kumpoto, inabwera ndi makwerekwere, ndipo inamanga msasa ku Hillbrow. Choncho mkazi aliyense wa ku Hillbrow ndi wodwala asanayezedwe. Mayi a Refentše amamukana Lerato, chibwenzi cha mwana wawo, pa chifukwa chomwechi. Tikawerenga maliro amene ali m'gawo loyamba la bukuli, tipeza chinthu chodabwitsa. Refentše amadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja atapeza Lerato ali ndi mnzake Sammy. Mayi ake amaterereka n'kugwera m'manda a mwana wawo pa tsiku la maliro, anthu n'kunena kuti ndi mfiti, ndipo amawawotcha ndi mateyala. Lerato naye amadzipha, mlandu wa mumtima ndi mphekesera zitamupanikiza. Pa anthu atatuwa palibe amene anaphedwa ndi kachilombo. Mantha ndi malilime a anthu ndiwo anagwira ntchito yonse.

Wina angati Mpe anakokomeza. Koma mu Disembala 1998, ku KwaMashu pafupi ndi Durban, Gugu Dlamini anaphedwa ndi anthu a m'dera lake lomwe atangoulula poyera kuti ali ndi HIV. Ndipo pamene bukuli linkatuluka, mankhwala a ma ARV anali asanayambe kuperekedwa m'zipatala za boma za ku South Africa. Anayamba mu 2004, chaka chomwenso Malawi inayamba kuwapereka kwaulere. Masiku amenewo wophunzira akayamba kutsokomola kapena kuonda, ankasenza mantha awiri, a imfa ndi a zimene anthu anene. Nthawi zambiri achiwiriwa ndiwo ankamuletsa kupita kuchipatala.

Kenako nkhani imatembenukira kwa Refilwe, chibwenzi chakale cha Refentše, amene anathandiza kufalitsa bodza lakuti Lerato ndi mwana wa munthu wa ku Nigeria. Refilwe amapita kukaphunzira ku Oxford Brookes University ku England, komwe Mpe mwini wake anaphunzirako. Kumeneko amaona anthu a ku Nigeria akusechedwa pabwalo la ndege la Heathrow pomwe a ku South Africa akudutsa, ndipo amazindikira kuti dziko lililonse lili ndi makwerekwere ake. Amakondana ndi mnyamata wa ku Nigeria, onse awiri n'kupezeka ndi kachilombo. Apa Mpe anaika mfundo imene imagwetsa miseche yonse ija: aliyense wa awiriwa anali nako kwa zaka zambiri asanakumane. Refilwe anachoka nako kwawo. Matenda amene mudzi unkaloza chala kutauni ndi kwa alendo anali akugona m'nyumba za mudzi womwewo.

Kwa ife olemba ndi owerenga m'zilankhulo za mu Africa muli ndime ina yofunika kuiwerenga kawiri. Refentše amalemba nkhani yaifupi ya mayi wina amene analemba buku m'Chisepedi lonena za Hillbrow ndi Edzi. Osindikiza amalikana ati ndi lotukwana, chifukwa limatchula ziwalo za thupi ndi mayina ake enieni, pomwe msika wa mabuku a zilankhulo zathu ndi sukulu. Mawu omwewo akakhala m'Chingerezi m'buku la sayansi, palibe amene amadandaula. Vuto limeneli ife a Chichewa timalidziwa. Edzi tinaipatsa mayina ozungulira, kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, ndipo pamaliro tinkangoti malemu anadwala nthawi yaitali. Ulemu wa chilankhulo ndi chuma, sindikukana. Koma mtsikana wa chaka choyamba amene waona chotupa kapena chilonda pamalo obisika amafunika mawu oti akauze namwino. Ngati chilankhulo chake chili ndi mawu otukwanira okha ndi ozembera okha, amakhala chete mpaka zinthu zitaipa. N'zowawa kuti Mpe, amene chilankhulo chake chinali Chisepedi, anachita kudandaula zimenezi m'Chingerezi.

Tsopano zofooka. Choyamba, Mpe amathamanga kwambiri pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Refentše amafika, amayenda mumsewu uja, posakhalitsa ndi mphunzitsi pa yunivesite yomweyo. Njala ya pakati pa mwezi, kalata ya fizi, mantha a kuthamangitsidwa m'chipinda, zonsezi sitizimva kulemera kwake. Pamenepa buku la Niq Mhlongo, Dog Eat Dog, la mu 2004, limamuposa. Dingz, wophunzira wa pa Wits pomwepo mu 1994, amakanidwa thandizo la fizi n'kukalimbana ndi a muofesi, amagona ku YMCA ku Braamfontein mpaka malowo kumuthera, amatenga chinzonono, ndipo amafunafuna chiphaso cha imfa chachinyengo kuti alembe mayeso amene anawajomba. Mhlongo amaseketsa pomwe Mpe amalira, koma amaonetsa chinthu chimene Mpe anachilambalala: wophunzira wosauka amapulumuka ndi mabodza ang'onoang'ono, chifukwa maofesi amamvera pepala kuposa munthu. Mabuku awiriwa ndi ofunika kuwawerenga motsatizana.

Chofooka chachiwiri chimandikhudza monga Mmalawi. Makolo athu akhala akupita ku Joni kuyambira nthawi ya Wenela ndi Theba, ndipo lero abale athu ambiri akuchita lendi tizipinda m'madera omwewo. Dzina lonyoza lija limatiphatikiza ifenso. Mpe amatiikira kumbuyo ndi mtima wonse, koma m'buku monsemu mulibe mlendo amene amafotokoza nkhani yake ndi pakamwa pake. Ngakhale mnyamata wa ku Nigeria uja alibe dzina. Refilwe amakopeka naye chifukwa amafanana ndi Refentše, ndiye kuti mlendo amalandiridwa pokhapokha akaoneka ngati mwana wa pakhomo. Refilwe nayenso, akamabwerera kwawo ataonda, amakhala ngati wasanduka phunziro la m'kalasi, thupi lake likulipira mlandu wa lilime lake. Buku lodana ndi kuweruza anthu limafika pafupi kwambiri ndi kuweruza pamenepa. Mu Meyi 2008 zipolowe zolimbana ndi obwera zinayambira ku Alexandra, dera limene lili ndi mutu wakewake m'bukuli, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga nzika zake zitathawa ziwawa za ku Durban. Mpe anaona utsi moto usanabuke, koma mawu a anthu amene anapsa ndi motowo mulibe m'buku mwake.

Ngakhale zili choncho, ndimalimbikitsa aliyense wophunzitsa kapena wophunzira m'chigawo chathu chino kuti aliwerenge. Funso la pogona silinathe. Zionetsero za #FeesMustFall zinayambira pa Wits pomwepo mu Okutobala 2015, ndipo pakati pa madandaulo a ophunzira panali a anzawo ogona m'malaibulale. Ku Zomba, ophunzira ambiri amachita lendi ku Chikanda, ndipo kolera imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi pakati pa 2022 ndi 2023 inatikumbutsa kuti chimbudzi ndi mpope wa pamalo a lendi ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Mpe anamwalira mu Disembala 2004 ali ndi zaka 34, atasiya nthano yaitali imodzi yokhayi. Gawo limene sanalembe, la mlendo wolankhula yekha, wotchula lendi yake ndi matenda ake m'chilankhulo cha kwawo, likudikira wina wa ife. Ndipo osindikiza athu adzayenera kusankha ngati adzalilandire kapena adzalibweze ati ndi lotukwana.