Chithunzi Chosafanana ndi Kanthu

Tikaona chithunzi cha mizeremizere ndi madontho okhaokha, ambirife timati: "Chimenechi n'chiyani? Ndi mwana yemwe angajambule." Ena amaonjeza kuti zotere n'zachizungu. Mau achiŵiriŵa ndiwo ndifuna kutsutsa pano.

Tiyambe ndi Azunguwo. Wassily Kandinsky wa ku Russia, ali ku Munich, adajambula ndi pensulo, inki ndi utoto wosungunula m'madzi chithunzi chimene mulibe munthu, mtengo kapena nyumba. Padalembedwa chaka cha 1910, ngakhale akatswiri ambiri amati n'cha 1913, ndipo chimasungidwa ku Centre Pompidou ku Paris. Iye ankati utoto uzikhudza mtima monga ichitira nyimbo, osachita kufanizira chinthu. Mu 1912 Georges Braque adamata pepala looneka ngati thabwa pa chithunzi chojambula ndi makala, ndipo Picasso adatsatira, namata zidutswa za nyuzipepala. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Kurt Schwitters wa ku Hannover ankatola matikiti akutha ntchito kuti apangire zithunzi. Kwa anthu a ku Ulaya zonsezi zidali zachilendo kwambiri.

Nanga kwathu kuno? Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Dedza sipakwana makilomita 100. Kumeneko, m'mapiri a Chongoni, muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO idaŵaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira, zimene zimadziŵika kuti adajambula Akafula, ndi mizere yozungulira, timadontho ndi mizere yondondozana. Zoyera, zopaka ndi chala, n'za Acheŵa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Taonaninso kasiyamaliro: nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, zolukidwa pamodzi. Kusakaniza zipangizo ndi kuthaŵa kufanizira tidaziyamba Braque asanabadwe.

Tsono bwanji ogulitsa zithunzi ku Old Town amayala zimodzimodzi tsiku ndi tsiku: mlambe, dzuŵa likuloŵa panyanja, mai atasenza mtsuko? Sindiŵanyoza anyamataŵa, pakuti njala siidziŵa luso. Chiyambire 1975, pamene Lilongwe idakhala likulu, ogula zithunzi ambiri ndi alendo ndi anthu a m'mipanda ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ndiponso maofesi a ku City Centre. Ameneŵa amafuna Malaŵi wozindikirika msanga, wokoloŵeka pakhoma popanda kufunsa funso. Wojambula amapereka chimene wogula akufuna, ndipo dzanja likazoloŵera mlambe limaiŵala zina zonse.

Komabe ndisanamize anthu kuti Chongoni ndi Kandinsky n'chimodzimodzi. Kandinsky ankafotokoza za mumtima mwake yekha, ndipo adachita kulemba buku kuti anthu amumvetse. Chithunzi cha pachinamwali chidali ndi eni ake: anamkungwi ankadziŵa tanthauzo lake, namwali ankaphunzitsidwa, mlendo sankauzidwa. Mzere uliwonse udali mau a mudzi wonse. Wojambula wa lero akangokopera mizere ya ku Chongoni n'kuipaka pansalu kuti agulitse ku Area 43, watenga chikopa, nyama waisiya. Chithunzi chake chidzangokhala mlambe wina.

Phunziro limene ndiliona kwa onse aŵiri, Schwitters ndi oluka kasiyamaliro, n'lakuti adagwiritsa zimene zidaŵazungulira. Lilongwe ali nazo zake: fumbi lofiira, makala, matumba a feteleza, malata a dzimbiri, mapu a mzinda umene udagaŵa anthu ake m'manambala. Ndikufuna kuona wina atamata zimenezi papepala, mwakuti munthu wa ku Kawale ndi wa ku Area 10 aime pa chithunzi chimodzi, aliyense azindikirepo kwao popanda nyumba yojambulidwa.

Inu amene mumajambula m'mphepete mwa makope anu nthaŵi ya maphunziro, bweretsani mapepalawo tikakumana, tidzaŵakambe monga timakambira ndakatulo.